Munthu Amene Anagwa pa Hatchi Katatu

Achemwali anga a Noelene atamwalira, alamu anga a Stojan anasiya kundinena. Pa zonse zimene zinasintha mwa iwo, chimenechi ndicho chinandiopsa. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu munthuyu sankandiona n'kungondisiya. Ikapanda kukhala mimba yanga, inkakhala galimoto yanga. Ikapanda galimoto, timu yanga ya mpira. Ngakhale pa tsiku la ukwati wanga anandinong'oneza m'tchalitchi kuti Glenys akadali ndi mphindi zisanu zoti athawe.

Koma tsopano ndikapita kumunda kwawo kwa maapozi, kunja kwa Manjimup, ndinkawapeza atakhala pakhonde, chipewa pabondo, akungoyang'ana mitengo imene anali atasiyira aganyu. Ankadzuka, kundipatsa mpando, n'kunena kuti, "Wachita bwino kubwera, Merv. Zikomo kwambiri."

Zikomo, kuuza ine!

Miyezi isanu ndi itatu inatha choncho. Kenako mwana wawo Vesna, amene ndi namwino ku Bunbury, anandiimbira foni.

"Malume, chitanipo kanthu, ine ndalephera. Ndikawaphikira amangotolatola ngati mbalame. Lamba wawo abowola mabowo awiri atsopano."

"Ndiwatani, mwana wanga? Sabata yatha ndinawauza kuti maapozi awo ndi owawasa. Anangoti mwina n'zoona."

"Mayo ine," anatero Vesna. "Ndiye zafikadi poipa."

Nzeru inachokera kwa mkazi wanga Glenys. Iye anati, "Bwanji osapita nawo kugombe, kudzera m'paki? Mukaone khumbi la apongozi anga. Ndamva kuti analikonza."

Khumbi limenelo anamanga ndi bambo athu, a Clarrie Haddrill. Masiku amenewo, chilimwe chikafika msipu n'kuuma, alimi a ng'ombe a kuno ankakusa ziweto zawo kupita nazo kugombe kumene udzu umakhala wauwisi. Unali ulendo wa masiku atatu pa hatchi, kudutsa m'nkhalango ndi m'mphepete mwa mapiri a mchenga. Kumeneko banja lililonse linali ndi kanyumba kake ka matabwa ndi malata. Dera lonselo litasanduka paki ya boma ng'ombe zinaleka kupita, ndipo ineyo ndinali nditatha zaka zoposa makumi awiri osapondako.

A Stojan sindinawauze za khumbi. Ndinangowauza kuti ndikufuna kukawedza kugombe, koma dokotala wandiletsa kugwira fosholo chifukwa cha msana, ndiye ndikufuna munthu wokumba galimoto ikatitimira mumchenga. Ndinayembekezera kuti anene kuti galimoto yanga imatitimira ngakhale pa phula. Iwo anangoti, "Chabwino, mlamu. Undiuze tsiku."

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa, mwezi wa Malichi. Glenys anatilongedzera buledi wophika yekha, nyama ya nkhosa yozizira, tchizi, ndi botolo la tsabola wokazinga limene a Noelene anaphika chaka chawo chomaliza. Botololi analibisa pansi penipeni pa dengu, nati nditulutse pokhapokha ndikaona kuti zikuyenda bwino. A Stojan anakwera atavala shati yoyera yokwinyika kolala, ngati akupita kubanki.

Titadutsa Pemberton tinasiya phula n'kulowa mumsewu wa fumbi, m'kati mwa mabulugama aatali otchedwa kari. Ine ndagwira ntchito yocheka matabwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, komabe ndikalowa m'nkhalango imeneyi ndimachepetsa liwiro osadziwa. Mitengo yake imangokwera tswii, yosalala ngati yasendedwa, nthambi yoyamba ili kutali koti chipewa chimagwa ukamayang'ana. Makungwa akale anali atalendewera m'mbali, ndipo kamphepo kankanunkhira masamba ouma. Kale tikamadutsa apa alamu anga ankatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Thawani, mitengo inu, wakupha uja wabwera!" Ndinachepetsa liwiro dala kuti ndiwapatse mpata. Iwo anali phee, manja pa mawondo.

"Mitengo yabwino iyi," ndinatero. "Umodzi wokha ungatuluke matabwa a nyumba ziwiri."

"Eya," anayankha.

Ndinayesanso. Ndinati timu yawo ya mpira chaka chino ikhala kunsonga kwenikweni. Anati mwina. Ndinati mbatata zimene makolo awo ankalima zinali zamadzimadzi. Anati kale ndi kale limenelo. Mpaka ndinasiya, n'kuyatsa wailesi, koma m'nkhalangomo simugwira wailesi iliyonse.

Pamene msewu wa fumbi umathera pali kanyanja kamadzi akuda ngati tiyi, ndipo aliyense amaima pamenepo kuti aphwetse matayala asanalowe mumchenga. Ndinagwada movutikira, ntchentche zili mbuu kumaso, n'kuphwetsa onse anayi mothamanga. A Stojan anaima pambali akuyang'ana matayalawo. Anatsegula pakamwa, kenako anatseka.

Tinayenda pang'ono m'kanjira ka mchenga kokhotakhota, ndipo mwadzidzidzi nkhalango inatha. Patsogolo pathu panali phiri la mchenga, loyera mbee, lalitali kuposa mitengo. Mchengawo umayenda chaka ndi chaka kuchokera kunyanja kulowera kumtunda, ukumeza nkhalango pang'onopang'ono. M'munsi mwake mitengo ina inali itakwiririka mpaka m'chiuno koma masamba akadali obiriwira. Pamwamba pankangooneka nsonga zouma za ina imene inamezedwa kale.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndipeze liwiro, n'kuponda mafuta. Tinakwera mpaka pakati, galimoto inalira, n'kuima. Ndinatsetserekera m'mbuyo. Kachiwiri tinapitirira pang'ono. Kachitatu ndinakakamira, osachotsa phazi pa mafuta, mchenga uli fuu m'mbali zonse, mpaka galimoto inakhala pansi ndi mimba yake.

Bodza langa la msana linandithera pomwepo. Fosholo inali imodzi, ndiye a Stojan anaitenga, ine n'kumakumba ndi manja ngati galu. Dzuwa linali litakwera, mchenga ukuotcha m'mawondo. Tinakumba kwa theka la ola. Kenako iwo anazika fosholo, kupukuta thukuta ndi dzanja la shati, nanena motsitsa mawu:

"Matayalawa sunaphwetse."

"Ndaphwetsa, munaona nokha."

"Unangowasisita. Akadali olimba ngati mutu wako."

Ndinadziletsa kuti ndisamwetulire.

"Nanga bwanji simunanene kukanyanja kuja, alamu?"

"Sunandifunse."

Anagwada okha, natenga kamtengo, n'kuphwetsa tayala lililonse mpaka linafwamphuka m'mbali. Anandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo mpaka pansi, nditsate mkukuluzi womwewo, ndiike giya yachiwiri ndipo ndisamaponde mafuta ngati ndikupha njoka. Tinakwera ulendo umodzi wokha. Pamwamba ndinaima kuti injini ipume, ndipo tinatuluka.

Kumeneko kulibe chilichonse, mchenga wokhawokha mpaka kumene maso amalekeza, ndi mizati yosonyeza njira. Kumbuyo kwathu nkhalango inali pansi, yakuda bii. A Stojan analoza ndi chibwano malo ena kumanzere.

"Njira ya ng'ombe inkadutsa apo. Panali chitsime ndi mitengo itatu."

"Zonse zili pansi pa mchengawu tsopano."

"Iye ankamwetsa hatchi yake pamenepo," anatero. Sanatchule dzina. Anabwerera m'galimoto, ndipo kamoto kamene kanayaka mwa iwo pa nkhani ya matayala ija kanazimanso.

Pamene tinkatsika mbali inayo, kulowa m'tchire lalifupi la kugombe, ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndalakwitsa. Khumbi lija kwa ine linali la bambo anga, koma kwa a Stojan linali malo amene anapezera mkazi.

Nkhani yake inali yotere. Mu 1974 a Stojan anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana wa anthu ochokera ku Macedonia amene anabwera kuno kudzalima fodya, fodya atagwa n'kuyamba mbatata. Anakumana ndi a Noelene kudansi. Bambo athu atamva anangoti sangapereke mwana wawo kwa munthu woti sadziwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa hatchi. Mawuwo anawafika a Stojan, ndipo m'mawa wa tsiku lonyamuka ndi ng'ombe anatulukira pageti pathu atavala chipewa chatsopano, nati kwawo hatchi amakwera asanayambe kuyenda. Bambo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapatsa hatchi yaikazi yotchedwa Duchess, imene inali ndi mtima woipa kuposa nyama iliyonse imene ndinaionapo. Tinapita anthu anayi ndi ng'ombe zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu: bambo, a Noelene amene ankakwera hatchi kuposa tonsefe, ine, ndi mlimi wa mbatata uja. Pobwerera bambo anali atavomera ukwati. Anati munthu wouma mutu chotere sangasiye mkazi.

Nditakhotera m'kanjira kopita kukhumbi a Stojan anatembenuka.

"Kugombe si uku."

"Ndingoona kaye ngati likadalipo."

Linalipo. Linaima pansi pa mitengo yomwe ija ya nthambi zolendewera, malata atsopano pamwamba, matabwa opakidwa mafuta, chumuni cha miyala chitawongoledwa. Ngakhale khola analimanganso mbali imodzi. Panja panali galimoto ya paki, ndipo mayi wina wachitsikana wovala yunifolomu ankapalasa masamba ouma kuzungulira khumbilo poopa moto. Anatipatsa moni, nati dzina lake ndi Tegan, ndiye woyang'anira mbali imeneyi ya paki.

"Lowani muone, bambo. Chitseko sitikhoma. Mbiri yake ili pa chikwangwani apo."

A Stojan sanalowe. Anayenda pang'onopang'ono kupita pa chikwangwanicho, chimene chinali pambali pa khomo, ndipo ine ndinawatsatira. Panali mawu ofotokoza za ulendo wa ng'ombe, ndi chithunzi chachikulu chakale. Ndinachizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndinajambula ndine. Bambo ali pa hatchi yawo, ndudu pakamwa. A Noelene aima pakhomo la khumbi, tsitsi lili m'mwamba ndi mphepo, akuseka mpaka maso atsinzina. Pambali pawo pali mnyamata woonda, chipewa chophwanyika mbali imodzi, thalauza lili matope mpaka m'chiuno, wagwira chingwe cha Duchess motalikira ngati wagwira njoka.

Ndinamva mpweya wa alamu anga ukusintha. Anatulutsa magalasi m'thumba la shati, kuwavala, n'kuwerama kuti awerenge mawu a pansi pa chithunzicho. Ndinawerenga nawo. Analemba kuti: "A Clarrie Haddrill, mwana wawo Noelene, ndi munthu wina amene anagwa pa hatchi katatu pa ulendo umenewu. Disembala 1974."

Ndinaganiza kuti basi, ndapha munthu. Khosi lawo linayamba kufiira kuyambira pa kolala kukwera m'makutu.

"Katatu?" anatero.

"Alamu..."

"Katatu! Ndani walemba bodza limeneli?" Anatembenuka. "Mayi! Inu a yunifolomu! Tabwerani kuno!"

Tegan anabwera atagwira chopalasira chake.

"Munthu wina! Munthu winayo ndi ine, Stojan Naumovski, ndili ndi dzina, ndili ndi munda, ndili ndi zidzukulu zitatu. Ndipo kunali kawiri. Kawiri kokha! Koyamba pageti, chifukwa wina sanamange bwino chishalo," apa anandiloza ine, "kachiwiri powoloka mtsinje, pamene ngakhale ng'ombe zinkagwa."

"Nanga pamene chimbalame cha emu chinatulukira m'tchire paja?" ndinafunsa.

"Pamenepo sindinagwe. Ndinatsika."

"Munatsika ndi mutu."

"Ndinatsika mofulumira! Iwe ukudziwa chiyani, unali kumbuyo ukudya mabisiketi a anthu onse!"

Tegan anali ataika dzanja pakamwa. Ndinaganiza kuti akuchita mantha, koma ayi, ankadziletsa kuseka, ndipo m'maso mwake munali misozi.

"Ndinu a Stojan," anatero. "Ndakhala ndikukudikirani chaka ndi miyezi inayi."



"Chithunzichi anabweretsa ndi mayi a kunyumba kwanu," anapitiriza Tegan. "Tinkakonza khumbili, tinalengeza m'nyuzipepala kuti amene ali ndi zithunzi zakale atithandize. Anabwera ndi mwana wanu, namwino uja. Anali atafooka kale, moti tinachita kuwanyamula pa mpando kuchokera m'galimoto. Anakhala pakhomo apa ola lathunthu akudya lalanje. Mawuwo analemba okha pa pepala. Ine ndinawafunsa dzina la munthuyo kuti tilembe bwinobwino, iwo anakana. Anati, 'Mwamuna wanga ameneyo. Tsiku lina adzabwera, ndipo adzakuuzani kuti kunali kawiri. Musadzamumvere, ndipo musadzasinthe ngakhale chilembo chimodzi.'"

"Liti limenelo?" anafunsa a Stojan, mawu atatsika.

"Novembala wa chaka chinacho."

"Anandiuza kuti akupita ku Bunbury kukagula makatani." Anavula magalasi. "Anabweradi ndi makatani. Oipa, achikasu. Ndinawapachika ndekha."

Anayang'ananso chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anapinda magalasi, kuwabwezera m'thumba, n'kuzungulira kuseri kwa khumbi. Tegan anafuna kuwatsatira koma ndinamugwira pa mkono. Tinakhala pa chipika pafupi ndi khola, tikumva. Pa maliro a mkazi wawo, a Stojan sanalire. Anaima nji, akugwira anthu chanza ngati mwini sitolo. Kuseri kwa khumbi kuja analira ngati ng'ombe imene yalandidwa mwana, mokweza, mosabisa, akulankhula chiyankhulo cha makolo awo chimene ine sindimva. Nanenso ndinapezeka ndikupukuta m'maso ndi chipewa. Anali achemwali anga, ndipo kuseka kwa pa chithunzi kuja ndinali nditakuiwala, chifukwa miyezi yomaliza ya matenda inali itaphimba zonse.

"Kodi ndalakwitsa kuwauza?" anafunsa Tegan.

"Ayi, mwana wanga. Wachita zimene unatumidwa."

Patapita nthawi anatulukira, nkhope yotupa, akumina m'kansalu. Anaima patsogolo panga.

"Iwe unkadziwa?"

"Ndikulumbira, alamu, sindinkadziwa."

"Vesna ankadziwa. Chaka chathunthu ali chete, mwana wa njoka. Watengera amake." Anakhala pa chipikapo, n'kundikankha ndi phewa. "Sendera uko, wadzaza chipika chonse. Kodi chakudya chija unabweretsa, kapena unadya usiku?"

Ndinathamangira kugalimoto, msana osaumva n'komwe. Ndinayala nsalu pa chipika, kutulutsa buledi, nyama ndi tchizi. Botolo la tsabola ndinalitulutsa pomaliza. Pa chivindikiro panali chaka cholembedwa ndi dzanja la a Noelene. A Stojan analitenga, kulitembenuza, kuwerenga, n'kulitsegula ndi mphamvu mpaka linalira phu. Ananunkhiza.

"Adyo wachepa," anatero. "Zaka makumi asanu ndikumuuza. Amayi anga anamuphunzitsa bwinobwino, koma iye ayi, akuti adyo amanunkha." Anapaka tsabolayo mochindikala pa buledi, napatsa Tegan. "Idyani, mayi. Simudzalawanso wotere."

Anadya. Ndinawerenga mwakachetechete: zidutswa zinayi za buledi, theka la nyama, tchizi chonse. Ankadya akulankhula, akufotokozera Tegan mmene udzudzu wa pano unkalumira kudutsa bulangeti, mmene bambo ankaphikira tiyi m'chitini wakuda woti supuni n'kuima, ndi mmene a Noelene ankadzukira m'mamawa kukasaka mahatchi opanda nsapato. Tegan anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba. Anafunsa kumene kunali chitsime chachiwiri, chimene iwo a paki akhala akuchifuna osachipeza. A Stojan anadzuka, buledi ali m'manja, napita naye kuseri kwa khola, kuwerenga mapazi makumi anayi kulowera kunyanja, n'kuponda pansi. Tegan anapalasa masamba ndi mchenga, ndipo panaoneka thabwa lowola.

"Mwaona?" anatero, akundiyang'ana ine. "Uyu akanakusocheretsani mpaka kumzinda wa Perth."

Tili pomwepo panafika galimoto ina. Munatuluka bambo ndi mayi ndi ana aakazi awiri, anthu a mumzinda, zipewa zawo zatsopano. Analowa m'khumbi, kujambula bedi la matabwa ndi mbaula, kenako anaima pa chikwangwani. Bamboyo anawerenga mokweza mawu a pansi pa chithunzi, ndipo onse anaseka.

"Koma ndiye anavutika, munthu wa Mulungu," anatero mayiyo. "Taonani thalauza lakelo."

Ndinayang'ana alamu anga. Anapukuta manja pa shati yoyera ija, imene tsopano inali ndi tsabola pachifuwa, n'kupita pomwepo.

"Pepani, mayi. Munthu mukumusekayo ndi ine."

Mayiyo anafiira nkhope, kuyamba kupepesa, koma iwo anakweza dzanja.

"Sekani, palibe vuto. Koma muyang'ane mtsikana ali pakhomoyo. Mwamuona? Anyamata onse a m'boma lino ankamufuna, odziwa kukwera hatchi, a minda ikuluikulu. Anakwatiwa ndi wa thalauza la matopeyo. Ana inu, mwamva? Kukwera hatchi si kanthu."

"Ndiye munagwadi katatu, agogo?" anafunsa mwana wamkuluyo.

A Stojan anapuma mozama. Anayang'ana chithunzi, kuyang'ana mwanayo.

"Zalembedwa apo," anatero. "Analemba ndi mkazi wanga. Sankanama."

Anajambulitsa nawo pambali pa chikwangwanicho, chipewa atachipendeketsa ngati cha pa chithunzi. Alendowo atapita ndinawayandikira.

"Alamu, poti lero ndi tsiku la choonadi. Kunali kanayi."

"Usayambe."

"Kuseri kwa khola, m'mawa wa tsiku lobwerera. Munkayeserera nokha anthu asanadzuke. Duchess anakuponyerani m'ndowe. Ndinaona ndili m'tchire."



"Unamuuza mchemwali wako?"

"Sindinauze munthu. Zaka makumi asanu."

"Hm," anatero. Anandigwira kumbuyo kwa khosi ndi dzanja lawo lokhakhala, kundigwedeza kawiri ngati mwana wa ng'ombe, n'kundisiya. "Ukadzauza mayi wa yunifolomuyu, ndidzakukwirira mumchenga uja pamodzi ndi chigalimoto chakocho."

Tinatsanzikana ndi Tegan atalemba nambala yawo ya foni, poti ankafuna kudzawafunsa zambiri. Kugombe tinafikako dzuwa litapendeka. Mbedza sitinaponye n'komwe. Mphepo inali yamphamvu, mafunde akuswa ndi mkokomo, ndipo tinangokhala m'galimoto zitseko zili zotsegula, tikumwa tiyi wa m'fulasiki. A Stojan anaimbira Vesna pamalo okwera pamene foni inagwira. Ndinamva mbali yawo yokha: "Makatani, eti? Makatani!" Kenako anamvetsera, nati, "Ayi, mwana wanga, usalire. Wachita bwino. Ndadya, funsa amalume ako, atsala ndi njala."

Pobwerera tinadutsa mchenga uja popanda vuto, kupopa matayala pa kanyanja paja, n'kulowanso m'nkhalango dzuwa likulowera m'mbali pakati pa mitengo. Tinayenda mpaka tinafika pa phula. Ndinkaganiza kuti agona. Kenako anakhosomola.

"Mlamu."

"Ee."

"Ndikufunse kanthu, koma usaseke."

"Sindiseka."

"Makina ochapira aja. Amayatsidwa bwanji?"

Ndinawayang'ana. Maso awo anali pa msewu.

"Ali ndi mabatani khumi ndi awiri," anatero. "Ndawawerenga. Ankachapa ndi iye, ine sankandilola n'kukhudza komwe. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuchapa m'bafa ndi manja, usiku n'kuyanika m'khitchini kuti aganyu asaone. Vesna sindingamufunse, angandipititse kunyumba ya okalamba."



"Alamu, kunena zoona, nanenso sindidziwa."

"Ha! Zaka makumi atatu pa makina ocheka matabwa!"

"Amenewo anali ndi mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira."

Tinagwirizana kuti tidzere kwathu tikamutenge Glenys. Titamufotokozera pakhomo anatiyang'ana tonse awiri, mchenga uli m'tsitsi, nati sanaonepo madoda opanda ntchito ngati ife. Anavula epuloni, natenga sopo wa ufa ndi cholembera chakuda choti akalembe manambala pa mabataniwo, n'kuuza a Stojan kuti asendere pakati pa mpando wa kutsogolo chifukwa iye sakhala pamene pali giya.